Mowa wa M'chitini

Katoni inafika pa minibasi ya ku Limbe
itakulungidwa selotepi ngati mwendo wothyoka.
Anatumiza ndi Tiyanjane, ali ku Joni:
"Adadi, mwapuma ntchito, pezani chochita."
Mkatimo munali chigubu choyera,
chitini cha phala lakuda lonanda ngati uchi wopserera,
kapaketi ka isiti kochepa kuposa ka mchere wa paokala,
ndi kabuku ka malangizo.

Zaka makumi atatu ndinkasaka zolakwa m'mapepala
kosindikizira mabuku a boma,
choncho kabukuko ndinakawerenga pensulo ili m'manja.
Ndinapezamo zolakwa ziwiri.
Za mowa sindinatolepo kanthu.

Mai Nakhumwa, ofulula kuseri kwa mpanda wathu kuno ku Matawale,
anasuzumira, nkhuni zili pamutu:
"Mowa wopanda chimera?
Wopanda utsi m'maso?
Achimwene, ameneyo ndi tiyi wopita kusukulu."

Ndinatsuka zonse kawiri.
Ndinathira madzi a pampopi, ochokera ku Mulunguzi,
aja ozizira mpaka kumizu ya mano.
Kabuku kanati shuga kilo imodzi.
Ine, kuseka kwa mayi aja kukulirabe m'khutu,
ndinathira ziwiri ndi theka.

Juni wa ku Zomba sadziwa nthabwala.
Nkhungu inatsika m'phiri
n'kudzakhala pakhonde ngati wolonjerera ngongole.
Masiku awiri chigubu chili zii.
Usiku wachitatu ndinatsegula sutikesi ya malemu Esinati,
ndinatulutsa bulangete lake la mizere yofiira
n'kufunditsa chigubucho.
Ndinapepesa, kaya kwa yani.

M'bandakucha ndinamva: bwu.
Kenaka, patapita nthawi, bwu.
Kapaipi ka pachivundikiro kanayamba kupuma.
Zaka zinayi nyumba ino yakhala ndi mpweya wa munthu mmodzi.
Magetsi anali atathima;
ndinakoka mpando mumdima, kumvetsera
mpaka atambala a kwa Mpokosa anatisokoneza.

Kabuku kanati dikirani kupumako kuleke.
Ndinadikira sabata, mmero unandipereka.
Ndinathira m'mabotolo makumi anayi
otola kuseri kwa bala ku Mpondabwino,
n'kuwakhomera zitsekero, n'kuwandandalika kunsi kwa bedi
ngati ana a sukulu pa mzere.

Lachisanu, pakati pa usiku,
phuu!
Phuu! Phuu!
Agalu a Matawale yense anadzuka.
Wina anakuwa kuti asilikali ayamba kuwombera kubalaki.
Ine ndinaima pamwamba pa matiresi, kabudula yekha,
thovu likuyenda pansi kufunafuna khomo.

Kutacha Mai Nakhumwa anabwera ndi tsache.
Sanaseke, ndipo zimenezo zinawawa koposa.
Anatola otsala khumi ndi limodzi,
nsanza kumanja, nkhope atayang'ana kumbali,
n'kumamasula chitsekero pang'onopang'ono,
botolo lililonse likuusa moyo.
"Mowa sautseka pakamwa," anatero,
"usanathe kulankhula."

Tinadikira masabata atatu, nthawi ino tonse awiri.
Anabwera ndi chikho chawo, za tambula anakana.
Mowawo unatuluka wofiirira ngati dothi la ku Domasi mvula itagwa.
Anamwa.
Anayang'ana phiri nthawi yaitali.
"Ukuwawa ngati nimu," anatero.
Anamwanso.
"Koma uli ndi miyendo."

Pobwerera kwawo, chipata cha mpanda
chimene adutsapo zaka khumi
anachiphonya kawiri.

Tiyanjane anaimba Lamulungu kufunsa ngati zinatheka.
Ndinati atumize chitini china,
za mabotolo sindinatchule.
Pa tsamba lomaliza la kabuku ndalembapo ndi pensulo:
shuga kilo imodzi ndi theka basi;
kukazizira, funditsani;
funsani a kuseri kwa mpanda.

Bulangete lija likununkha mowa tsopano.
Esinati sankamwa, ankaimba kwaya ya amayi Lachinayi.
Ndalipachika pachingwe katatu,
koma sopo sindinalikhudzitse.